Mmene mungasankhire zipangizo zophunzitsira pa intaneti ndi m'kalasi ku koleji kapena ku yunivesite

Lamlungu lina titatuluka m'mapemphero a Chichewa ku Highfield, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, mayi ena achikulire, amene akuphunzitsa mdzukulu wawo ku koleji ndi ndalama za geni ya tomato, anandiimitsa pakhomo pa tchalitchi n'kundifunsa kuti: "Aphunzitsi, mwanayu mwezi ndi mwezi akuti ndimugulire data ya sukulu, chonsecho fizi ndinalipira kale. Kodi sukuluyo ili m'kalasi kapena ili m'foni?" Ndinawayankha kuti ili konsekonse, koma ndili m'kombi (minibasi) pobwerera kunyumba ndinaona kuti ndawayankha mwachidule pa nkhani imene ikuwadyera ndalama. Ife aphunzitsi tikamasankha pulogalamu kapena chipangizo chophunzitsira, amene amalipira mtengo wa chosankha chathucho nthawi zambiri sakhala pamsonkhano pamene tikusankhapo.

Kuyambira pamene sukulu ndi makoleji a m'Zimbabwe anatsekedwa pa 24 March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, palibe sukulu ya ukachenjede muno mu Harare imene inabwereranso kotheratu ku choko ndi bolodi zokha. Ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, ku Harare Polytechnic ndi m'makoleji a aphunzitsi, mbali ina ya maphunziro inatsalira pa intaneti, ndipo Zimbabwe Open University yakhala ikuphunzitsa anthu ali kutali chiyambire 1999. Zimene tinachita mothamanga m'chaka cha mliri zinali zopulumukira. Tsopano tili ndi mpata wosankha modekha. Malangizo awa ndikulembera aphunzitsi anzanga ndiponso amene amakhala m'makomiti ogula zipangizo, ndipo mfundo yanga ndi imodzi: yambani ndi foni imene ili m'thumba la wophunzira wovutika kwambiri m'kalasi mwanu, pa tsiku limene magetsi azima, ndipo musalandire chipangizo chimene chikulephera pamenepo.

Gawani phunziro lanu musanatchule dzina la pulogalamu

Tengani ndondomeko ya phunziro lanu ya semesita yonse, ndipo pa mutu uliwonse mudzifunse ngati pali chifukwa chokwanira choti wophunzira wa ku Chitungwiza, ku Epworth kapena ku Norton akwere kombi ziwiri kubwera, ziwiri kubwerera, kuti adzakhale pamaso panu. Ngati zimene mudzachite kwa ola lonse ndi kuwerenga manotsi amene munalemba kale, chifukwacho palibe, ndipo manotsiwo angathe kumupeza kwawo. Koma ntchito ya mu labotale, kugwira makina mu wekishopu, kuyeserera kuphunzitsa pamaso pa anzake, kutsutsana pa nkhani ya zamalamulo, kapena kuwerengera masamu pabolodi inu mukuona pamene akuphonya, izi zimafuna kuti anthu akhale m'chipinda chimodzi.

Mukagawa motere mudzapeza milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zimene wophunzira angachite payekha pa nthawi imene wapeza magetsi ndi netiweki, monga kuwerenga, kumvetsera mawu ojambulidwa ndi kuyankha timafunso todziyesera. Wachiwiri ndi wa zimene zikufuna kalasi. Wachitatu, umene uyenera kukhala waung'ono kwambiri, ndi wa zimene zikufunadi kuti nonse mukumane pa intaneti nthawi imodzi. Anzanga ambiri amalakwitsa potembenuza milu imeneyi: amasamutsira kalasi yonse pa Zoom, n'kusiya tsiku lokumana pamasom'pamaso kuti likhale lolengeza za mayeso basi.

Milu iwiri yoyambayi iyenera kulumikizana. Wophunzira akawerenga kunyumba zimene sizidzatchulidwanso m'kalasi, sabata yachitatu amasiya kuwerenga, ndipo sindimuimba mlandu. Konzani kuti kalasi iyambire pamene ntchito ya kunyumba yathera, mwachitsanzo potenga funso limene ambiri analakwa pa timafunso todziyesera tija n'kuyambira pomwepo.

Funsani ophunzira, ndipo muwafunse papepala

Safunsa anadya phula. M'sabata yoyamba gawani kapepala kopanda malo olembapo dzina, ndipo musatumize mafunsowa pa intaneti, chifukwa amene mukufunitsitsa kumva za iwo ndi omwewo amene sangathe kuyankha pa intaneti. Musafunsenso mokweza manja, pakuti palibe mnyamata kapena mtsikana amene angavomere pagulu kuti amabwereka foni ya mlongo wake.

Funsani ngati ali ndi laputopu kapena foni yokha, ndipo ngati foniyo ndi yakeyake. Funsani malo osungira zinthu amene atsala m'foniyo, chifukwa foni zotsika mtengo zimadzaza msanga, moti pulogalamu imodzi yatsopano imakakamiza mwini wake kufufuta zithunzi za banja. Funsani mtundu wa bandulo imene amagula kawirikawiri, kaya ndi ya WhatsApp yokha kapena yolowera paliponse pa intaneti, ndiponso ngati ali pa Econet, NetOne kapena Telecel, ndi mmene netiweki imagwirira kumene amagona. Funsani nthawi imene magetsi amakhalapo kwawo, ndi kumene amatchajira foni akazima. Ambirife tikukumbukira kumapeto kwa 2022, pamene madzi anachepa ku damu la Kariba mpaka bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti kupanga magetsi kumbali ya Zimbabwe kuyambe kwaima: m'makomboni ambiri magetsi ankabwera anthu atagona n'kuzima m'bandakucha. Makina awiri atsopano opanga magetsi a ku Hwange atayamba kugwira ntchito mu 2023 zinthu zinapepukako, koma chilala cha 2024 chinatikumbutsa kuti vutoli limapita n'kubweranso. Pomaliza funsani ngati alipo amene ali ndi vuto la maso kapena la makutu, ndi ngati alipo amene amagwira ntchito masana.

Mayankho a mapepalawa muwasunge, ndipo mupite nawo ku msonkhano wa komiti. Amatseka mikangano yambiri.

Werengerani data musanauze anthu kuti ayatse kamera

Masamu ake ndi osavuta, koma ndi aphunzitsi ochepa amene amawachita, chifukwa ifeyo timaphunzitsa tili pa Wi-Fi ya ku ofesi. Vidiyo imene ikuyenda pa liwiro la megabiti imodzi pa sekondi imadya data yokwana pafupifupi 450 MB (mamegabaiti) pa ola. Wophunzira amene ali ndi maola 10 a makalasi otere pa sabata amafunika 4.5 GB (GB imodzi ndi 1,000 MB), ndipo pa masabata 12 amafunika 54 GB. Mawu okha, opanda chithunzi, oyenda pa makilobiti 64 pa sekondi, amadya pafupifupi 29 MB pa ola. Maola omwewo pa masabata 12 amakwana pafupifupi 3.5 GB. Manotsi a masamba 20 a PDF opanda zithunzi zolemera nthawi zambiri safika ngakhale 1 MB. Tengani mitengo ya mabandulo ya mwezi uno, muchulukitse nokha, kenako muyerekeze ndi ndalama zimene mayi wa geni amapeza pa sabata.

Choncho pa chinthu chilichonse chimene mukufuna kuphunzitsa, yambani ndi njira yopepuka, ndipo mukwere pokhapokha ngati yopepukayo yalephera. Zolemba zikhale poyamba. Ngati zolemba sizikukwanira, onjezani mawu ojambulidwa a mphindi 8 kapena 10 ofotokoza masamba amene wophunzira ali nawo kale m'manja. Vidiyo isungireni zimene diso liyenera kuona, monga mmene amalumikizira mawaya, mmene amagwirira jakisoni kapena mmene chojambula cha masamu chimasinthira. Nkhope ya mphunzitsi akulankhula kwa ola lathunthu siwonjezera nzeru zokwana 450 MB.

Pojambula simufunika situdiyo. Foni yanu, chipinda chabata ndi kamaikolofoni kotsika mtengo kopanira pa kolala ndi zokwanira, ndipo dziwani kuti wophunzira amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma sapirira mawu osamveka. OBS Studio ndi pulogalamu yaulere yojambulira zimene zili pa sikirini ya kompyuta, ndipo HandBrake, yaulerenso, imachepetsa kulemera kwa vidiyo. Kutsitsa vidiyo kufika pa 360p kapena 480p kumakwanira bwino pa foni malinga zilembo zanu zikhale zikuluzikulu. Pafupi ndi fayilo iliyonse lembani kulemera kwake, kuti munthu adziwe asanadine ngati bandulo yake ikwanitsa kapena adikire akafike pa Wi-Fi ya kusukulu. Manotsi musawajambule ndi kamera ngati zithunzi, chifukwa amalemera, zilembo sizichedwa kusaoneka bwino, ndiponso mapulogalamu owerengera anthu osaona, monga NVDA, sangathe kuwawerenga.

Phunziro likhale ndi nyumba imodzi

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. M'chaka cha mliri ine ndinali mmodzi wa aphunzitsi amene anagwa motero: manotsi ndinkaika pa Google Drive, zolengeza pa WhatsApp, maasainimenti ndinkalandira pa imelo, ndipo timafunso ndinkaika pa tsamba linanso. Pamapeto pa semesita ophunzira angapo analumbira kuti anatumiza ntchito yawo, ine osaipeza, ndipo panalibe njira yodziwira amene akunena zoona. Mphunzitsi aliyense akachita zakezake chonchi, wophunzira wa maphunziro asanu amafunika kusunga mapasiwedi ochuluka kuposa maphunziro ake.

Sukulu isankhe pulogalamu imodzi yoyendetsera maphunziro, imene akatswiri amaitcha LMS, ndipo chilichonse chofunika chizipezeka mmenemo: ndondomeko, manotsi, masiku operekera ntchito, malo operekera ntchitoyo ndi malikisi. Zina zonse zikhale misewu yolowera kunyumbako.

Moodle, imene inatuluka koyamba mu 2002 kuchokera ku Australia, ndi yaulere ndipo sukulu ingathe kuiika pa seva yakeyake, kompyuta imene imasunga zonse n'kumazigawira ophunzira. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi pulogalamu yake ya pa foni, imene imalola wophunzira kutsitsa zinthu za phunziro ali pa Wi-Fi, kukawerenga kunyumba popanda netiweki, ngakhale kulemba mayankho amene amadzatumizika yokha netiweki ikabwera. Ilinso ndi nkhokwe ya mafunso imene imatha kupatsa wophunzira aliyense mafunso osiyana. Koma mawu oti yaulere asakunyengeni. Moodle imafuna munthu wodziwa kuisamalira, kuikonzanso pamene mtundu watsopano watuluka ndi kusunga makope a zonse tsiku ndi tsiku, ndipo ikangoikidwa n'kusiyidwa imakhala ngati nyumba ya zipinda zambiri yopanda wosesa.

Google Classroom, imene inayamba mu 2014, mphunzitsi amaiphunzira madzulo amodzi, ndipo sifuna seva. Ndi yabwino pogawa ndi kulandira ntchito, koma ndi yofooka pa mayeso ovuta ndi pa kusunga malikisi a kalasi ya anthu mazana angapo. Microsoft Teams imayenera sukulu imene aphunzitsi ndi ophunzira ali kale ndi maakaunti a Microsoft, ngakhale kuti imalemera pa foni zazing'ono. Canvas ndi Blackboard ndi zokongola ndiponso zamphamvu, koma sukulu zimene zimazitenga kwa eni ake zimalipira chaka ndi chaka m'ndalama zakunja, ndipo aliyense amene wakhala mu Zimbabwe kuchokera pa nthawi ya ndalama za ma bond note mpaka pa ndalama ya ZiG ya 2024 akudziwa kuti lonjezo lolipira madola a ku America kwa zaka zisanu si lopepuka.

Mukasankha Moodle padzabwera funso la kumene seva ikhale. Ikakhala pasukulu pompo, ophunzira amaifika mwachangu ali pa Wi-Fi ya pakampasi ngakhale intaneti yakunja itaduka, koma magetsi akazima pasukulupo, amene ali kunyumba onse atsekeredwa panja, ndipo zimenezi zimakonda kuchitika usiku woperekera ntchito. Ikakhala kwa kampani yosunga maseva, vuto la magetsi lachoka, koma pabwera bilu ya mwezi ndi mwezi. Maganizo anga ndi akuti sukulu imene ilibe sola ndi mabatire okwanira kuyendetsa chipinda cha seva usiku wonse, ndiponso ilibe anthu awiri odziwa ntchitoyi, isadzivutitse kusunga seva yokha. Ndikunena awiri chifukwa akatswiri a makompyuta sachedwa kupeza ntchito ku Johannesburg kapena ku London, ndipo mmodzi akachoka ndi mapasiwedi m'mutu mwake sukulu yonse imasanduka mlendo pa zinthu zake zomwe.

Chilichonse chimene mungasankhe, yesani khomo lotulukira musanalowe. Onani ngati mungathe kutulutsa maphunziro anu, mafunso anu ndi malikisi m'mafayilo amene pulogalamu ina ingawerenge. Zaulere zimasintha: kwa zaka zambiri Google inkapatsa sukulu malo osungira zinthu opanda malire, koma mu 2022 inaika malire a 100 TB (TB imodzi ndi 1,000 GB) pa sukulu yonse, ndipo mayunivesite ena akuluakulu anayamba kufufuta zinthu mothamanga.

Malo a WhatsApp

Palibe chifukwa cholimbana ndi WhatsApp, pakuti ndi kumene ophunzira ali kale, ndipo bandulo yake ndi imene ambiri amakwanitsa kugula. Gulu limodzi limatha kutenga anthu 1,024, ndipo mawu ojambulidwa ndi ma PDF zimadutsa ngakhale netiweki ili yofooka. Igwiritseni ntchito ngati belu la sukulu ndiponso ngati njira yapadera pa tsiku loipa: kulengeza kuti kalasi yasintha chipinda, kukumbutsa za tsiku loperekera ntchito, kutumiza kope la manotsi amene ali kale pa LMS.

Koma musalandirepo maasainimenti kapena kulengezapo malikisi. Zinthu zimakwiririka pansi pa mauthenga mazanamazana, wolowa m'gulu mochedwa amasowa zakale, foni ikabedwa zonse zapita, ndipo nambala ya wophunzira aliyense imaoneka kwa anzake onse, zimene zimaika atsikana pa vuto la kuvutitsidwa ndi mauthenga osayenera. Ine ndimatsegula gulu limene ine ndi oimira kalasi okha ndi amene timatha kulembamo, ndipo mafunso amadzera kwa oimira kalasiwo kapena pa LMS. Ndimanenanso poyera maola amene ndimayankha, chifukwa mphunzitsi amene sanaike malire amadzutsidwa pakati pa usiku ndi funso limene yankho lake lili pa tsamba loyamba la ndondomeko. Kumbukiraninso kuti wophunzira wa bandulo ya WhatsApp yokha sangatsegule linki yopita ku tsamba lina. Ngati chinthucho n'chofulumira, tumizani fayilo yeniyeniyo.

Za kukumana pa intaneti nthawi imodzi sindichulutsa mawu. Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, Google Meet yaulere imadula wa gulu pakatha ola, ndipo BigBlueButton imalumikizana bwino ndi Moodle koma imafuna seva yamphamvu. Iliyonse mwa izi ingagwire ntchito malinga makamera akhale ozima, msonkhano ukhale waufupi ndi wa mafunso, mawu ake ajambulidwe n'kuikidwa pa LMS tsiku lomwelo, ndipo pasakhale malikisi a kupezekapo. Kulanga munthu chifukwa kwawo kunalibe magetsi ndi kumulanga chifukwa cha dera limene amakhala.

Zofunika m'kalasi ndi pakampasi

Ogulitsa amakonda kuonetsa mabolodi amakono ogwira ndi chala, ndipo pa tsiku lachionetsero amasangalatsadi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinaphunzitsapo m'chipinda chimene bolodi lotere linakhala chaka chathunthu litaphimbidwa ndi nsalu chifukwa kachingwe kake kanasowa ndipo panalibe wodziwa kokagula kena, ife tikulemba ndi choko pa kabolodi kakale pambali pake. Ndalama za bolodi limodzi lotere zikanaika masoketi ambiri m'makalasi ndi m'makonde.

Ngati ndalama zili zochepa, ndipo nthawi zonse zimakhala zochepa, yambani ndi Wi-Fi yofika kumene ophunzira amakhaladi, ku laibulale, m'makonde, pansi pa mitengo ndi kumahositelo, yokhala pa sola kapena batire kuti isamazime pamodzi ndi magetsi. Kenako masoketi otchajira. Zinthu ziwirizi ndi zimene zimasandutsa tsiku lobwera kusukulu kukhala tsiku lotunga: wophunzira amatchaja foni, amatsitsa zonse za sabata, n'kupita nazo kwawo monga mmene amayi amatungira madzi pa tsiku limene mpopi watulutsa. Inunso muyenera kuika zinthu za sabata yotsatira lisanafike tsiku limenelo, apo ayi ulendo wake wotunga wapita pachabe. Pulojekita ndi sipika yomveka bwino zibwere pambuyo pake, ndipo chipinda cha makompyuta chikhale chotsegula mpaka madzulo, chifukwa lipoti la masamba 15 kapena ntchito ya pa Excel silembeka pa foni.

Pa nkhani ya intaneti ya sukulu yonse, yerekezani mitengo ya makampani a intaneti ya pa chingwe cha faiba monga TelOne ndi Liquid, ndipo funsaninso za ZIMREN, netiweki ya maphunziro ndi kafukufuku ya dziko lino, imene ili m'gulu la UbuntuNet Alliance. Likulu la gululi, kwa ife a magazi a ku Malawi, lili kwathu ku Lilongwe. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito mu Zimbabwe mu September 2024, ndipo ingathandize ngati njira yachiwiri kapena ku malo ophunzirira a kumidzi kumene faiba sinafike. Kumene intaneti kulibiretu, kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kokhala ndi MoodleBox kapena Kolibri kamatha kugawa zinthu pa Wi-Fi yakeyake kwa kagulu ka ophunzira m'chipinda chimodzi.

Pofuna kudziwa ngati kalasi yamva, simufunika kuti aliyense akhale ndi data. Plickers imagwiritsa ntchito makadi a pepala amene ophunzira amakweza, foni ya mphunzitsi yokha n'kuwerenga mayankho onse, ndipo ngakhale makadi wamba olembedwa A, B, C ndi D amachita ntchito yomweyo.

Mayeso

Apa ndi pamene kusakaniza kalasi ndi intaneti kumatipatsa mwayi umene ophunzitsa pa intaneti pokha alibe. Chiyambire kutuluka kwa ChatGPT, pulogalamu imene imatha kulembera munthu nkhani, mu November 2022, nkhani yolembedwa kunyumba siingakhalenso umboni wokwanira woti wolembayo wamvetsa, ndipo mapulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi makina amalakwitsa moti simungachotse munthu sukulu podalira iwo okha. Turnitin imathandiza kuona zokopera m'mabuku ndi kwa anzawo, koma chiweruzo chikhale cha mphunzitsi. Mapulogalamu olondera mayeso kudzera pa kamera amafuna laputopu, intaneti yosaduka ndi chipinda cha munthu mmodzi, zimene mwana wa m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Mbare kapena ku Mufakose alibe, choncho sindikuwalimbikitsa.

Ikani pa intaneti timayeso tating'ono ta malikisi ochepa, totseguka kwa masiku awiri kapena atatu, tololeza kuyesa kawiri ngati netiweki yadula pakati. Mayeso olemera alembedwe pasukulu, papepala kapena m'chipinda cha makompyuta pogwiritsa ntchito Safe Exam Browser, imene imatseka china chilichonse pa kompyuta mpaka mayeso atatha. Pa ntchito yaikulu yolembera kunyumba, patulani mphindi zisanu zoti wophunzira aliyense afotokoze pakamwa zimene analemba. Amene analemba yekha savutika, ndipo amene sanalembe yekha amaonekera pa funso lachiwiri.

Malamulo ndi anthu amene amaiwalika

Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 linapatsa POTRAZ, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mtokoma, udindo woteteza zinsinsi za anthu, ndipo limakhudza mayina, manambala, zithunzi ndi malikisi a ophunzira. Limaikanso malire pa kutumiza zinthu zotere kunja kwa dziko, choncho musanalembetse kalasi yonse pa tsamba limene mwangolipeza, funsani ku ofesi yoona za makompyuta ndi ya zamalamulo pasukulu panu. Ngati kusintha kwanu kukukhudza kaphunzitsidwe ka digiri yonse, nkhaniyo idutse m'makomiti a yunivesite amene amayankha ku ZIMCHE, bungwe loona za ubwino wa maphunziro apamwamba.

Wophunzira wosamva amafunika zolemba za mawu onse amene mwajambula, ndipo zolemba zomwezo zimathandizanso amene alibe data. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amavomereza zilankhulo 16, kuphatikizapo Chichewa ndi chilankhulo cha manja, ndipo ngakhale timaphunzitsa m'Chingerezi, palibe choletsa kuti mfundo yovuta ifotokozedwenso kwa mphindi zitatu m'Chishona, m'Chindebele kapena m'Chichewa pa mawu ojambulidwa. M'kalasi nthawi yochitira zimenezi imasowa, koma pa LMS malo alipo.

Yesani musanasainire

Musagule chinthu cha sukulu yonse chifukwa cha chionetsero cha mu hotelo. Sankhani maphunziro awiri kapena atatu, limodzi la kalasi yaikulu, lina la labotale, ndipo pakati pa aphunzitsi oyesa muikepo mmodzi amene sakonda makompyuta, chifukwa zimene iye angakwanitse aliyense adzakwanitsa. Yesani kwa semesita yathunthu. Wogulitsa mumufunse mtengo wonse wa zaka zitatu pamodzi ndi kuphunzitsa aphunzitsi, ndalama imene adzalipiritsire, kumene zinthu za ophunzira zidzasungidwe, amene mudzamuimbire foni Loweruka madzulo zinthu zikaima, ndi mmene pulogalamuyo idzalumikizirane ndi kaundula wa ophunzira kuti mayina asamalembedwe pamanja. Mu bajeti muikemo malipiro a munthu wothandiza aphunzitsi ndi ophunzira, ndi ola limodzi m'sabata yoyamba loti kalasi iliyonse ilowe mu LMS pamodzi, m'chipinda chimodzi, aliyense atumize kafayilo koyeserera.

Kuyesa komaliza muchite nokha. Bwerekani foni yotsika mtengo ngati imene ambiri analemba pa timapepala tija, muigulire bandulo yaing'ono, mukwere kombi mupite ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa madzulo pamene netiweki yadzaza, ndipo mulowe ngati wophunzira. Tsitsani manotsi a sabata, mvetserani mawu ojambulidwa, yankhani timafunso, tumizani asainimenti, kenako muzimitse data muone zimene zatsala zotseguka. Lembani mphindi zimene chilichonse chatenga ndi ma MB amene atha, ndipo pepala limenelo mukaliike patebulo la komiti pambali pa mtengo wa wogulitsa.